Poto Wobowoka ndi Phiri la Makoko

Ana anga, nonse mwakula mukuona poto wobowoka uja amene amayi anu amabzalamo tsabola pakhonde kuno ku Chibanja, ndipo aliyense wa inu anafunsapo chifukwa chake sitimutaya. Amayi anu ankangoti, "Kafunseni bambo anu," ine n'kumati mudzamva mukadzakula. Tsopano ena mwa inu imvi zayamba, ndiye ndilibenso pothawira.

Chaka chimene ndinafika ku Mzuzu

Ndinatsika basi ku Mzuzu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, nditanyamula sutikesi ya malata, setifiketi ya zamakina ndi juzi imodzi imene sinathandize kanthu. Munthu wa ku Dowa amaganiza kuti kuzizira amakudziwa, mpaka atagona ku Mzuzu mwezi wa Juni. Ntchito yanga yoyamba, imenenso inadzakhala yomaliza, inali pa fakitale ya esiteti ina cha ku phiri la Kaning'ina. Masiku amenewo tinkafinya mtedza wina wosadyedwa, wa mafuta opangira penti, ndipo ine anandiika ku boyila. Kwa adzukulu amene sanaionepo, boyila ndi thanki yaikulu yachitsulo yokhala ndi ng'anjo pansi pake. Mukasonkha moto madzi amawira, nthunzi n'kumayenda m'mapaipi kukagwira ntchito. Nkhuni zimagona pa mizere ya zitsulo zochindikala zimene ife tinkazitcha nthiti, kuti mpweya uzilowa pansi ndipo phulusa lizigwa.

Amene anandiphunzitsa ntchito si bwana aliyense koma wosonkha moto, a Mhango, munthu wamfupi wa ku Rumphi, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo. Papepala ine ndinali wowayang'anira. Tsiku loyamba anayang'ana setifiketi yanga mwaulemu wonse, naibweza ndi manja awiri.

"Pepala lanu ndi labwino chomene, a Mbewe," anatero, "koma boyila iyi Chizungu siimva yayi. Imamva fosholo."

A Mhango anali ndi lamulo lawo limene sankaliphwanya: munthu asanadye, boyila idye kaye. Ikakwana thwelofu ankadzaza ng'anjo ndi zipika za bulugamu mpaka pakhomo, n'kutseka chitseko, tonse n'kupita kukadya pansi pa mtengo kwa ola lathunthu. Pobwera tinkapeza moto ukuyaka mwaulemu wake, singano ya nthunzi ili pomwe tinaisiya. Anachita zimenezi zaka zambiri popanda ngozi, ndipo inenso ndinazolowera kotero kuti sindinkaziganiziranso.

Chilema changa mukuchidziwa, chifukwa ena mwa inu munatengera. Sindingaone chinthu osafuna kudziwa chimene chili m'kati mwake. Ndinamasulapo wotchi ya pakhoma ya mu ofesi kuti ndione chimene chimaliza belu, ndipo poibwezera panatsala tizitsulo tiwiri. Anzanga pafakitale anasiya kunditchula kuti a Mbewe, ankangoti Achifukwachiyani.

Chaka chimene Wezi anayamba sukulu

Pofika nthawi imeneyi ndinali nditakwatira amayi anu, NyaChirwa, mwana wa mphunzitsi wa ku Nkhata Bay, ndipo tinkakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Chibavi. Msika wa mafuta a penti unali utafa, ndipo esiteti inatembenukira ku makademiya. Ntchito ya boyila inasintha. Nthunzi yathu tsopano inkatenthetsa mpweya woumitsira mtedza m'nkhokwe zachitsulo, chifukwa makademiya akabwera kuchokera kumunda amakhala aawisi, ndipo mukachedwa kuwaumitsa amachita nkhungu. Akauma, makina ankawaswa, maso ake n'kupakidwa m'zitini kupita kunja kwa dziko, makoko n'kutayidwa kuseri kwa fakitale.

Makoko a makademiya si ofanana ndi a mtedza wa kwathu ku Dowa amene mwana amaswa ndi zala. Awa ndi olimba ngati mwala, ndipo sawola. Mvula ya ku Mzuzu, imene imawoletsa ngakhale nsapato zili kuphazi, inkawalephera. Mulu unakula chaka ndi chaka mpaka antchito anautcha Kaning'ina wamng'ono. Amayi odutsa opanda nsapato ankautukwana chifukwa makokowo amacheka. Ine ndikaima pakhomo la boyila ndinkangouyang'ana, funso likundidya: mtengo ungawononge mphamvu zonsezi kupanga chinthu chopanda ntchito? Mulungu sachita zotere.

Ndinayamba kunyamula thumba limodzi panjinga Loweruka lililonse. Ndinatenga chitini chakale cha mafuta ophikira, kuboola kabowo pamwamba, kudzazamo makoko, n'kuchiika pamoto. Anatuluka makala akuda bii, onyezimira, olira ngwe ngwe mukawagwetsa pasimenti. Utsi wotuluka pakabowo ndinaudutsitsa mu paipi yoviikidwa m'madzi, ndipo munadontha madzi akuda onunkha ngati phula. Ndinapaka pa mitengo iwiri ya khola la nkhuku, iwiri ndinasiya, ndipo chiswe chinayamba ndi yosapaka. Makala aja nditawasinja ndinasefera madzi a m'chithaphwi, anatuluka oyera, ngakhale amayi anu anakana kulawa. Anansi athu ku Chibavi ankaima pampanda kudzaonerera, ena n'kumanong'onezana kuti bambo wa ku Dowa uja akuphika mankhwala.

Kenako ndinanyengerera amayi anu kuti ayese kuphikira makoko pambaula. Linali Lachinayi, tsiku la mapemphero a amayi kutchalitchi. Iwo anachita monga mwa nthawi zonse: anatereka nyemba, kudzaza mbaula mpaka pamwamba, n'kunyamuka, podziwa kuti moto wa makala umafooka wokha. Koma wa makoko sufooka, umangokulirakulira. Madzi anaphwa, nyemba zinasanduka phulusa, pansi pa poto panasungunuka n'kutsala bowo loti chibakera n'kulowa, ndipo kachitsulo ka pakati pa mbaula kanapindika. Potoyo anali mphatso ya ukwati yochokera kwa azakhali awo. Nditafika madzulo ndinapeza atamukweza m'mwamba, akundiyang'ana kudzera pabowo.

"Bambo a Wezi, ndakuonani bwino lero," anatero. "Sayansi yanu yadya nyemba, yadya poto. Mawa idya chiyani?"

Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinali nditayamba kale kudzitama kuntchito kuti ndapeza chuma m'phiri lija, ndipo ndinadziwa kuti nkhani ya poto ikamveka adzandiseka mpaka m'manda. Ndinawapempha kuti isatuluke m'nyumba. Anavomera, naika potoyo pamwamba pa kabati.

Chaka chimene dizilo anasowa

Nkhondo ya kwa anansi athu ku Mozambique itatseka njira za kudoko, zinthu zinayamba kusowa m'dziko muno, ndipo ife a kumpoto tinkalandira zotsala. Dizilo ndiye anavuta zedi. Malole athu otuta nkhuni ku Viphya anaima pabwalo mpaka udzu unamera pansi pake. Inali nthawi yokolola, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, nkhokwe zitadzaza mtedza wauwisi, ndipo nkhuni zotsala zinali za masiku ochepa. Mukalowetsa dzanja m'nkhokwe munkamva kale kafungo konyowa. Aliyense ankadziwa kuti mtedza ukawola, antchito ambiri auzidwa kuti akapume kunyumba.

Manijala wathu anali a Gondwe, Mmalawi woyamba kukhala pampando umenewo, munthu wa tayi ngakhale Loweruka. Sanali woipa mtima, koma ankadziwa kuti pali anthu amene akudikira kuti alakwitse. Ndinalowa mu ofesi mwawo ndi makala anga m'kapepala.

"Bwana, nkhuni zili kuseri kwa fakitale. Tikuzidutsa tsiku lililonse."

"A Mbewe, buku la boyila likuti chiyani?"

"Likuti nkhuni, bwana."

"Ndiye nkhuni. Boyila imeneyi ikawonongeka, zitsulo zake tikazitenga kuti masiku ano? Ine mawa ndikupita ku Lilongwe kukapempha dizilo. Musakhudze kanthu."

Iwo atangonyamuka ndinapita kwa a Mhango. Anamvetsera atatsamira fosholo, akuyang'ana phiri lija.

"Mwayesapo, a Mbewe?"

"Ndayesa kunyumba kambirimbiri. Amayaka bwino kwambiri."

"Suzgo palibe? Vuto lililonse?"

Poto uja anabwera m'maganizo mwanga, ndipo ndinamuona bwinobwino ali pamwamba pa kabati. Ndinaopa kuti ndikamutchula a Mhango akana, kenako akafotokozera anzathu pansi pa mtengo, onse n'kugwa ndi phwete.

"Palibe," ndinatero.

"Yewo. Tiyeni tione."

M'mawa umenewo unali wokoma kuposa wina uliwonse pa ntchito yanga. Tinkaponya mafosholo awiri atatu, moto n'kusanduka woyera, wopanda utsi wambiri, singano n'kukwera mofulumira kuposa mmene inkachitira ndi bulugamu. A Mhango ankaseka okha. Itayandikira thwelofu ndinathamangira ku nkhokwe kuti ndikamve ndi dzanja langa mpweya wotentha ukudutsa mu mtedza, ndipo ndinakhalitsa kumeneko, ndikufunsa ichi ndi icho monga mwa chilema changa. Sindinaganizeko n'komwe kuti ndi nthawi yoti boyila idye. A Mhango anachita zimene anachita zaka zonse, zomwenso amayi anu anachita ndi nyemba. Anadzaza ng'anjo ndi makoko mpaka pakhomo, kutseka chitseko, n'kupita pansi pa mtengo.

Chimene chinatiitana ndi mluzu wa chitetezo, umene umalira nthunzi ikapyola muyezo. Ndinapeza chitseko cha ng'anjo chili psuu. A Mhango anali atafika kale, akukokera moto panja ndi chitsulo chachitali, malaya akufuka utsi. Boyila sinaphulike chifukwa cha Mulungu ndi iwowo, koma dzanja lawo lamanja linapsa mpaka m'chigongono. Ng'anjo itazizira tinasuzumira. Nthiti zinali zitapindika n'kugwera m'phulusa ngati makandulo osiyidwa padzuwa.

Inu amene munakula anthu akulankhula momasuka simungamvetse msanga zimene zinatsatira. Masiku amenewo malo aliwonse a ntchito anali ndi tcheyamani wa chipani, ndipo wathu anali kapitawo wina wa kumunda. Ankadziwa, monga tonse tinkadziwira, kuti mng'ono wa a Mhango anawoloka kupita ku Tanzania zaka zapitazo ndipo sanabwerenso, pomwe othawira kumeneko boma linkawatenga ngati oukira. Tcheyamaniyo anangoyang'ana nthiti zija nati, "Izi n'zadala. Munthu wasonkha moto zaka zonsezi, lero aiwale?" Mawa lake m'mawa inafika galimoto ya apolisi. Atafunsa a Mhango kuti anawatuma ndani, anayankha kuti fosholo inali m'manja mwawo. Pokwera galimoto anandiyang'ana kamodzi, dzanja lili lokulunga nsalu. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Ndinakhala chete masiku awiri. Ndikulemba zimenezi poyera chifukwa ndi zoona. Ndinadziuza kuti awamasula okha, kuti ine ndili ndi ana aang'ono, kuti mlendo wa ku Dowa alibe womulankhulira kuno. Ndinali ndi mantha, ndipo mantha ali ndi nzeru zambiri.

Tsiku lachitatu linali Lamlungu. Titachoka kutchalitchi amayi anu anapita kukaona mkazi wa a Mhango, atasenza ufa pang'ono. Pobwera anakupatsani chakudya inu ana panja, kenako anandiitanira patebulo, n'kuika patsogolo panga poto wobowoka uja, atavundikira bwinobwino ndi mbale.

"Idyani."

"NyaChirwa, ndi chiyani chimenechi?"

"Ndi chakudya chanu mpaka a Mhango atabwerera kwawo. Kuja kuli ana asanu, wamng'ono akufunsa kuti adada apita kuti. Munawauza za poto uyu musanawapatse makoko?"

"Ukufuna anditenge ineyo?"

"Sindikufuna. Ndikuopa kuposa inu, chifukwa wotsala ndi ana ndine. Koma ndinabisa poto uyu kuti anthu asakusekeni, osati kuti munthu akafere m'ndende."

Lolemba lotsatira

Ndinamanga potoyo pakaliyala wa njinga, nditamukulunga m'thumba. A Gondwe anali atabwerako ku Lilongwe opanda dizilo, ndipo mu ofesi mwawo munali tcheyamani uja ndi wapolisi wina wovala zawamba, wochokera kumwera, amene anabwera kudzamva mbali ya akuluakulu. Ndinagogoda, kulowa, n'kuika poto patebulo pamwamba pa mapepala. Ndinanena zonse: kuti maganizo anali anga, kuti a Gondwe anandiletsa, kuti a Mhango anandifunsa ngati pali vuto ine n'kuwanamiza.

"Akungofuna kuteteza mnzake," anatero tcheyamani.

Wapolisi uja ananyamula poto, kumutembenuza, n'kuyang'ana kuwindo kudzera pabowo, ndendende mmene anachitira amayi anu.

"Makoko okha achita izi? Popanda petulo?"

"Okha, bwana."

"Ndikufuna ndione ndi maso anga."

Tinabwereka mbaula ya mlonda, tinaidzaza makoko pabwalo, anthu onse a pafakitale atazungulira chapatali. Moto utagwira ndinaikamo chidutswa cha waya wochindikala wa mpanda. Posakhalitsa chinafiira, ndipo wapolisi uja anachipinda yekha ndi pulayala mosavuta, nkhope yake ikuoneka ngati ya mwana wa sukulu. Anafunsa chifukwa chake makoko amatentha chotere, ndipo kwa nthawi yoyamba pamoyo wanga ndinakumana ndi munthu wa boma wodwala matenda anga. Tinakambirana za makala, za phula la chiswe, za madzi osefa, tcheyamani ataima pambali ngati mlendo pamaliro a eni. Pomaliza wapolisi uja anapukuta manja nati, "Apa palibe chiwembu, pali uchitsiru basi. Mundipakirire thumba limodzi. Koma mkazi wanga ndikamuuza za poto."

A Mhango anatuluka tsiku lomwelo. Ine ndinaimitsidwa ntchito mwezi wathunthu, ndipo udindo wa mkulu wa makina, umene aliyense ankadziwa kuti ukubwera kwa ine, unapita kwa wina. Ndinapuma ntchito ndili pa mpando womwewo umene ndinali nawo chaka chimenecho. A Gondwe analemba m'kalata yanga mawu oti kusasamala, osati mawu aja oti chiwembu, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Mwezi wanga usanathe anatuma munthu kudzanditenga ku Chibavi. Anali atabwereka nthiti zakale ku esiteti ina ya tiyi ku Nkhata Bay, koma dizilo kunalibebe.

"A Mbewe," anatero atatseka chitseko, "tsopano mundiuze zoona zokhazokha, ndi mapoto onse amene mwabisa. Zingatheke?"

Zinatheka. Chinsinsi chake chinali chaching'ono moti chimandipwetekabe mtima: kuponya pang'ono pang'ono, kumwaza mopyapyala, osachoka pakhomo la ng'anjo. Mtedza wina unawola, koma wambiri tinaupulumutsa, ndipo anthu sanapite kunyumba. Dizilo atabwera, a Gondwe sanatumizenso malole ku Viphya kawirikawiri ngati kale. Kaning'ina wamng'ono anayamba kuphwa, ndipo patapita zaka amayi omwe aja ankamutukwana ankabwera ndi mabeseni kudzapempha makoko. Aliyense ndinkamuuza za poto ndisanamupatse. Chimene chinatha ndi chakudya cha pamodzi pansi pa mtengo, chifukwa tsopano tinkadya mosinthana, ndipo a Mhango ankadandaula kuti boyila yasanduka khanda loyamwa.

Chaka chimene a Mhango anapuma ntchito

Tinagwira limodzi zaka zina zingapo, koma za masiku awiri aja sitinakambepo. Anali wansangala kwa ine ngati kale, ndipo zimenezo zinkandilemera kuposa akanandikalipira. Dzanja lija linachira koma silinkawongoka bwino, moti fosholo ankaigwira mwa njira yawoyawo. Tsiku lawo lomaliza ndinawaperekeza ndikukankha njinga, katundu wawo ali pakaliyala. Titafika pamphambano ya ku Chibavi ndinalimba mtima.

"A Mhango, pali chimene ndakhala ndikufuna kudziwa."

"Inu simusintha, Achifukwachiyani. Fumbani."

"Tsiku lija apolisi anakufunsani kuti anakutumani ndani. Bwanji simunanditchule?"

Anayenda pang'ono, akusisita chipsera chija ndi dzanja lamanzere.

"Mumaganiza kuti woyesa zinthu ndinu nokha? Inu mumayesa makoko. Ine ndinati ndiyese a Mbewe, ndione ngati abwera."

"Nanga ndikanapanda kubwera?"

"Ndikanadziwa," anatero a Mhango. Anamasula katundu wawo pakaliyala, nati yewo chomene, n'kukhotera njira ya kwawo.

Wezi, iwe ndiwe wamkulu. Ife tikadzapita, nyumba mudzaone chochita nayo, koma poto ameneyo usadzalole kuti wina amugulitse kwa ogula zitsulo zakutha. Ana a Mhango awiri akadali ku Chibavi. Ukadzathyola tsabola, uzikawapatsako.